Dar es Salaam si Kariakoo yokha

Sabata iliyonse mabasi amanyamuka ku Lilongwe ndi ku Mzuzu atadzaza ndi amayi ndi abambo a geni omwe amalowera ku Dar es Salaam, mzinda waukulu wa dziko la Tanzania. Ena amakapikula zitenje, nsapato, ziwiya za kukhitchini ndi zipangizo za galimoto pomwe ena amakatenga galimoto zomwe adaitanitsa kuchokera ku Japan.

Ambiri mwa anthuwa apondamo kambirimbiri mumzindawu. Koma atafunsidwa kuti afotokoze zomwe adaona, yankho lake silitalika: depoti ya basi, chipinda chogona, mashopu a ku Kariakoo ndi geti la kudoko. Alipo ena omwe atha zaka khumi akuyenda njira imeneyi koma sadakhudzeko madzi a nyanja yamchere, chonsecho nyanjayo ili pamtunda woti munthu n'kuyenda wapansi kuchoka pomwe amagona.

Uku n'kutaya mwayi, ndipo ndi mwayi womwe mwini wake adaulipira kale. Kuchoka pachipata cha Songwe kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita oposa 900, kudzera ku Iringa, m'nkhalango ya Mikumi ndi ku Morogoro. Munthu amafika miyendo itatupa, ndalama ya basi itapita. Akafika, nthawi zambiri amakhala masiku awiri kapena atatu akudikira kuti katundu apakidwe kapena mapepala a galimoto atuluke. Masiku amenewa amathera pakhonde la malo ogona, kucheza nkhani za mpira ndi kudandaula za kusowa kwa ndalama zakunja.

Tsiku limodzi lokha mwa masiku amenewa ndi lokwanira kuti munthu aone mzinda womwe, malinga ndi kalembera wa 2022, uli ndi anthu oposa 5 miliyoni, komanso womwe mbiri yake idalukana ndi ya Malawi kuposa momwe ambiri amaganizira.

Mbiri ya agogo ili pamsewu

Poyambira pabwino ndi pomwe wamalonda waima kale. Dzina loti Kariakoo lidachokera ku mawu a Chingerezi akuti Carrier Corps, gulu la anthu onyamula katundu wa asilikali a Britain pankhondo yoyamba ya dziko lonse. Msasa wawo udali m'dera lomwe lero muli mashopumo. Kuno kumudzi anthu otere ankatchedwa atengatenga, ndipo akatswiri a mbiri yakale amati dziko la Nyasaland lidapereka amuna pafupifupi 200,000 ku ntchito imeneyi pankhondo yomwe agogo ankaitcha ya Chiwaya. Ambiri adafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi malungo.

Choncho Mmalawi amene akusenza chikwama cha nsapato pamsewu wa ku Kariakoo akuyenda m'dera lomwe dzina lake limakumbutsa za mtolo womwe makolo ake adasenza mokakamizidwa. Ndi angati amadziwa zimenezi?

Chapakati pa tauni, pamphambano ya msewu wa Samora Avenue, pali chipilala chotchedwa Askari Monument. Ndi chifanizo cha msilikali wachikuda atagwira mfuti yoloza kudoko, ndipo m'mbali mwake muli zithunzi zosema za asilikali ndi atengatenga. Chidatsegulidwa mu 1927 pokumbukira anthu akuda omwe adamenya nawo nkhondoyo kumbali ya Britain. Aliyense amene adaonapo chipilala cha asilikali a KAR ku Zomba angazindikire kuti ziwirizi zikukamba nkhani imodzi.

Chipilalachi chisadamangidwe, pamalopa padali chifanizo cha mkulu wa asilikali a Germany, Hermann von Wissmann, chomwe Angerezi adachichotsa atalanda mzindawu mu 1916. Dzina limeneli si lachilendo kwa mwana wasukulu wa kuno. Sitima ya Ajeremani yomwe inkayenda panyanja ya Malawi inkatchedwa dzina lomweli, ndipo mu August 1914 idawonongedwa ndi sitima ya Angerezi ya Guendolen, kutatsala milungu yochepa kuti nkhondo ifike ku Karonga. Kuima pachipilalachi sikulira ndalama ina iliyonse.

Nyumba zakale za m'mbali mwa doko

Kuchoka pachipilalachi kutsetserekera kunyanja, pamsewu wa Sokoine Drive, pali nyumba yoyera yotchedwa Old Boma. Iyi ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri mumzindawu. Idamangidwa cha m'ma 1866 ndi Majid bin Said, mfumu ya ku Zanzibar yomwe idayambitsa mzindawu pafupi ndi mudzi wa asodzi wa Mzizima. Makoma ake ndi a miyala ya m'nyanja ndipo chitseko chake ndi chosemedwa mwaluso la ku Zanzibar. Kuyambira mu 2017 m'nyumbayi muli chionetsero cha mbiri ya mzindawu ndi kamangidwe kake.

Nthawi yomwe nyumbayi inkamangidwa ndi yomweyo yomwe a Jumbe a ku Nkhotakota ankatumiza minyanga ya njovu ndi akapolo kugombe la nyanja imeneyi, makamaka ku Kilwa, komwe ankawakweza zombo za ku Zanzibar. Chuma chomwe chidamanga nyumba zokongola za m'gombeli chili ndi thukuta ndi misozi ya anthu ochokera kunyanja ya Malawi.

Pafupi pomwepo pali matchalitchi awiri omwe adamangidwa m'nthawi ya Ajeremani: la Katolika la St Joseph ndi la Lutheran la Azania Front, lodziwika ndi denga lake lofiira. Onse adayamba kumangidwa chaka cha 1900 chisadafike, Ajeremani atangosamutsira likulu lawo ku Dar es Salaam kuchoka ku Bagamoyo mu 1891. Mkhristu amene Lamulungu lamupezera mumzindawu alibe chifukwa chogonera m'chipinda, pakuti mapemphero a m'Chiswahili savuta kutsatira kwa munthu wolankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Kyangonde.

Patsogolo pang'ono, pamsewu wa Shaaban Robert, pali nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale ya dzikolo, yomwe idatsegulidwa mu 1940. Muli galimoto zomwe ankayendera Julius Nyerere, zinthu zofukulidwa ku Kilwa komanso mbiri ya chigaza cha zaka pafupifupi 1.8 miliyoni chomwe Mary Leakey adachipeza ku Olduvai mu 1959. Kwa munthu amene amadutsa pa Karonga ulendo uliwonse, izi zikuyenera kumukumbutsa kuti nakonso kuli nyumba yotere, yomwe imafotokoza za chibwano cha munthu wakalekale chomwe chidapezeka ku Uraha mu 1991. Kutsidya kwa msewu kuli munda wa mitengo ndi maluwa womwe udayamba mu 1893, malo abwino opumirapo dzuwa likakula.

Kumsika wa nsomba ndi kutsidya

Amene akufuna kuona moyo weniweni wa anthu a m'gombe alawire ku Kivukoni, komwe eni ake amangoti Feri. Kumeneku kuli msika waukulu wa nsomba. M'mawa kwambiri maboti amafika ndi nsomba zomwe kunyanja ya Malawi kulibe: zina zazitali kuposa munthu, nkhanu zikuluzikulu, ndi nyama ya miyendo isanu ndi itatu yomwe Aswahili amaitcha pweza. Nsombazi amazigulitsa pakaliyawo, wogula aliyense akutchula mtengo wake mpaka wopambana apezeke. Mbali ina ya msikawu kuli amayi ndi anyamata okazinga, moti munthu amagula nsomba yake n'kudyera pomwepo.

Wamalonda wa usipa kapena chambo wa ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay angaphunzirepo kanthu apa. Msikawu udagawidwa bwino: kogulitsira kwake, kotumbulira kwake, kokazingira kwake. Madzi oundana amagulitsidwa pafupi. Izi ndi zinthu zomwe madoko ambiri a asodzi m'dziko muno akuzisowabe, ndipo munthu amene waziona ndi maso ake amadziwa choti akafunse kukhonsolo ya kwawo.

Pambali pa msikawu ndi pokwerera pantoni yopita ku Kigamboni. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri ndipo kuwoloka kumatenga mphindi zowerengeka, koma m'mphindi zimenezo munthu amaona mzinda wonse uli poyera, nyumba zosanja mbali ino, sitima zikuluzikulu za makontena zikulowa pakamwa pa doko mbali inayo. Umu ndi momwe mumadutsa gawo la mafuta ndi katundu yemwe amathera m'magolosale a ku Rumphi ndi ku Kasungu. Njira ya kumpotoyi idakula m'zaka za m'ma 1980 pomwe nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira za ku Beira ndi Nacala, ndipo n'chifukwa chake Malawi ali ndi malo ake osungirako katundu ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya.

Kutsidyako, pafupi ndi potsikira, pali sukulu yomwe kale inkatchedwa Kivukoni College ndipo lero ndi Mwalimu Nyerere Memorial Academy. Masauko Chipembere adaphunzitsapo pasukuluyi atathawa m'dziko muno kutsatira kusamvana kwa nduna ndi Dr Kamuzu Banda mu 1964. Kanyama Chiume naye adakhala ku Tanzania zaka pafupifupi 30 asadabwerere kumudzi mu 1994. Mumzinda momwemu ndi momwe mudabadwira chipani cha Frelimo cha ku Mozambique mu 1962, ndipo mtsogoleri wake woyamba, Eduardo Mondlane, adaphedweramo ndi bomba la m'phukusi mu 1969. Kwa zaka zambiri Dar es Salaam udali pothawira pa anthu omwe kwawo kudawatenthera.

Kupitirira pang'ono chakummwera kuli magombe a mchenga woyera a ku Mjimwema, opanda phokoso la m'tauni. Wofuna kubwerera pagalimoto angadzere pamlatho wa Nyerere, wotalika mamita 680, womwe udatsegulidwa mu 2016.

Luso lomwe limadyetsa mabanja

Chakumpoto kwa mzindawu, m'mbali mwa msewu wopita ku Bagamoyo, kuli malo otchedwa Kijiji cha Makumbusho. Ndi mudzi wachionetsero womwe udakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1960, momwe adamangamo nyumba zenizeni za mitundu yosiyanasiyana ya anthu a m'dzikolo, iliyonse ndi ziwiya zake. Kumakhalanso magule. Dziko la Tanzania lili ndi mitundu yoposa 120, ndipo ina mwa iyo, monga Angoni, Ayao ndi Anyakyusa, ndi abale enieni a anthu a kuno. Mmalawi akamayenda m'mudzimu n'kuona nkhokwe, mitondo, mphasa ndi miphika, amazindikira kuti malire a pa Songwe adalembedwa ndi azungu dzana lomweli.

Chapafupi pomwepo, ku Mwenge, kuli msika wa osema ziboliboli. Ambiri ndi a mtundu wa Amakonde ndipo amasema mlendo akuona, pogwiritsa ntchito mtengo wakuda wa phingo. Ku Oyster Bay nako kuli malo a ojambula zithunzi za Tingatinga, zija za nyama ndi mbalame za mitundu yowala. Luso limeneli adaliyambitsa ndi Edward Saidi Tingatinga mu 1968, pogwiritsa ntchito penti wa njinga ndi zidutswa za silingi bodi. Iye adamwalira mu 1972 atajambula zaka zinayi zokha, koma omwe adawaphunzitsa adapitiriza, ndipo mu 1990 adalembetsa kopaletivi yomwe ikugwirabe ntchito.

Phunziro lake ndi loonekeratu. Munthu mmodzi wopanda sukulu yapamwamba, wokhala ndi zipangizo zotchipa, adasiya ntchito yomwe ikudyetsa mabanja patatha zaka zoposa 50 chimwalirireni. Chinsinsi chake n'choti amisiriwo adagwirizana, adapeza malo amodzi odziwika ndipo adasunga dzina. Osema ndi ojambula a ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear luso ali nalo, chomwe chimawavuta n'kuyenda aliyense payekha, kumalimbirana mlendo mmodzi mpaka mtengo kugwa. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa amene ali ndi tsiku lathunthu

Ku Kunduchi, chakumpoto ndithu, kuli mabwinja a mzikiti wakale ndi manda a zipilala zazitali omwe ena adawakongoletsa ndi mbale zadothi zochokera ku China. Malowa ndi umboni woti anthu a m'gombeli ankachita malonda ndi maiko akutali azungu asadayambe kulamulira. Alendo ambiri sakufikako, ndipo ndi bwino kupita ndi munthu wodziwa malowo.

Panyanja, moyang'anana ndi mzindawu, pali zilumba za Bongoyo ndi Mbudya. Pazilumbazi sipakhala anthu ndipo ndi malo otetezedwa ndi boma. Maboti opita ku Bongoyo amanyamukira ku Msasani pomwe opita ku Mbudya amanyamukira chaku Kunduchi. Madzi ake ndi oyera moti pansi pamaoneka. Apa pokha m'pofunika kukonzekera thumba, chifukwa pali ndalama ya boti ndi yolowera, ndipo mlendo amalipira yochulukirapo kuposa nzika.

Wokonda mbiri ndi nkhalango angalowere ku Pugu, kumapiri a kummwera chakumadzulo kwa mzindawu. Kumeneku kuli sukulu ya sekondale yomwe Nyerere ankaphunzitsa asadasiye choko mu 1955 n'kulowa ndale kwathunthu. Ndipo wamalonda amene angakonze ulendo wake kuti ufike kumayambiriro kwa July adzapeza chionetsero chachikulu cha zamalonda cha Sabasaba, komwe amakumana ndi eni mafakitale maso ndi maso m'malo mogula kudzera mwa anthu apakati.

Zifukwa zomwe ena amapereka

Pali omwe anganene kuti munthu wa geni sapita ku Dar es Salaam kukasewera. Mpamba ndi wochepa, mwina ndi wa ngongole ya banki m'khonde, ndipo shilingi iliyonse yomwe yapita kwina ndi phindu lomwe latayika. Mfundoyi ndi yomveka, makamaka masiku ano pomwe ndalama zakunja zikupezeka movutikira. Palibe amene akunena kuti munthu adye mpamba chifukwa cha chilumba.

Komatu malo ambiri omwe atchulidwa pano ndi aulere kapena otsika mtengo. Chipilala, matchalitchi, msika wa nsomba ndi gombe la Coco Beach, komwe mabanja amakadya chinangwa chokazinga ndi kumwa madzi a kokonati Loweruka ndi Lamulungu, sizifuna tikiti. Pantoni ndi basi za m'tauni mtengo wake sufika pa wa chakudya chamasana. Ndalama yomwe ena amamwera mowa usiku umodzi podikira katundu ndi yokwanira kuzungulira malo onsewa.

Ena amaopa kusochera ndi kuberedwa. Mantha amenewa ali ndi maziko. Mumzinda waukulu chotere akuba a m'matumba ndi olanda mafoni sasowa, ndipo pakhala nkhani za alendo omwe adakwera galimoto za anthu osawadziwa n'kulandidwa zonse. Koma mankhwala ake si kudzitsekera m'chipinda. Munthu asiye ndalama za mpamba pamalo otetezeka, ayende masana, ayende ndi mnzake ndipo afunse njira kwa eni malo ogona. Safunsa adadya phula.

M'pofunikanso kutchera khutu ku zomwe zikuchitika m'dzikolo ulendo usadayambe. Pachisankho cha pa 29 October 2025 mumzindawu mudabuka zipolowe, anthu adafa, boma lidaletsa kuyenda usiku ndipo intaneti idatsekedwa kwa masiku angapo. Nthawi zotere si zoyendera, kaya ndi pa geni kaya pa zokaona.

Pali tinthu tina tomwe mlendo wochokera kumtunda ayenera kudziwa. Nyanja yamchere si nyanja ya Malawi. Madzi ake amaphwa n'kubwereranso kawiri patsiku, moti pomwe panali mchenga m'mawa pangathe kukhala madzi ofika m'khosi masana. Ana asasiyidwe okha. Pafupi ndi msika wa nsomba pali nyumba ya boma ya mtsogoleri wa dzikolo, ndipo kujambula zithunzi pamalo otere kungamuike munthu m'mavuto. Majumbo apulasitiki adaletsedwa m'dzikolo kuyambira June 2019. M'gombemu muli Asilamu ambiri, choncho kuvala modzilemekeza ndi kupereka moni musadafunse kanthu zimatsegula zitseko. Mvula yambiri imagwa kuyambira March mpaka May, ndipo nyengo yozizirirako, yabwino kuyenda, ndi ya June mpaka September.

Katundu amene salipitsidwa msonkho

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri ana. M'matauni a Karonga, Mzimba, Kasungu, Dedza ndi Balaka muli ana ambiri omwe fizi yawo imachokera ku Kariakoo. Anawa amaphunzira m'kalasi za nyanja ya Indian Ocean, za malonda a akapolo, za nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndi za doko lomwe dziko lopanda gombe ngati lino limadalira. Amaloweza zonsezi kuti akhoze mayeso, chonsecho mayi kapena bambo awo amapita komweko mwezi ndi mwezi n'kubwerako ndi nkhani ya mitengo ya nsapato basi.

Kholo lomwe lingathe, litengeko mwana mmodzi patchuthi, ngakhale kamodzi kokha. Mwana amene waona sitima yonyamula makontena mazanamazana ikulowa padoko sadzafunsanso chifukwa chomwe mtengo wa mafuta ndi feteleza umakwerera zinthu zikasokonekera kunja. Lomwe silingathe, libwereko ndi zithunzi pafoni ndi nkhani yoti likambe pakhonde madzulo.

Pobwerera, pa Songwe, akuluakulu a msonkho amawerenga mabelo ndi makatoni, ndipo chilichonse chili ndi mtengo wake. Zomwe munthu waona ndi kuphunzira zimadutsa ulere, ndipo sizitha ngati momwe zitenje zimathera pashelefu. Wamalonda amene akukonza ulendo wa mwezi wamawa aonjezere tsiku limodzi pandondomeko yake, kapena angogwiritsa ntchito lija amataya podikira lole. Akatsika basi ku Dar es Salaam, afunse njira ya ku Feri.